Suti ya kwa Telala

Njinga yamoto yomwe inandizunguza mutu masiku awiri athunthu inafika papolisi pathu ili pangolo, wilo lakutsogolo litapindika. Lachitatu m'mawa inakanika kuima pamtsetse wa kuseri kwa msika n'kukawomba khoma la sitolo. Wakabaza anathyoka nthiti ndi phewa. Namwino amene anakwera kumbuyo anaphwanyika mwendo, ndipo madokotala anali asanamvane ngati mwendowo utsale kapena uchoke.

Ngozi zotere si zachilendo, ndipo kawirikawiri sizifika patebulo panga. Iyi inafika chifukwa cha pepala lomwe linapezeka pansi pa mpando wa njingayo. Chinali chikalata cha chaka chino, chonena kuti njingayo yayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Chidindo chake chinali cha Lolemba, masiku awiri okha ngoziyo isanachitike. Pa matayala panalembedwa kuti atsopano, pa mabuleki panalembedwa kuti abwino. Ndinagwada n'kusisita tayala lakumbuyo ndi chikhatho. Linali losalala ngati dazi la abwana anga.

"Palibe chofufuza apa, Sajeni," anatero abwanawo Lachinayi m'mawa. "Woyezayo anadya za anthu n'kusayina njinga asanaione. Tam'tsekera kale. Mawa masana akayankhe kukhoti."

Nditamva kuti wotsekeredwayo ndi ndani, ndinayamba ndaseka, poyesa kuti abwana ayamba nthabwala muukalamba wawo. Aliyense amene ali ndi chinthu cha mawilo m'tauni mwathu amawadziwa a Bwererani. Dzinalo anawapatsa ndi madalaivala, chifukwa ndi mawu amene amatuluka pakamwa pawo kuposa moni. Galimoto yathu yapolisi yomwe anaibwezapo chifukwa cha hutala wolira ngati mbuzi yachimfine. Agwira ntchito yoyeza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi popanda wowalozapo chala, ndipo kunatsala miyezi inayi kuti apume. Khoti likanawapeza olakwa, ntchito, dzina ndi ufulu zikanapitira limodzi.

Pakauntala ndinapeza mayi wachitsikana, mwana kumbuyo, kontena ya chakudya m'manja. Pambali pake panaima mwamuna wamtali atanyamula bulangeti, zikhadabo zakuda ndi oyilo, akununkha petulo.

"Ndine mwana wawo," anatero mayiyo asanafunsidwe. "Ababa sadya za munthu, a Sajeni. Funsani amuna angawa, ndi makaniko. Mkamwini wawo weniweni, koma njinga yawo anaibweza kawiri chifukwa cha galasi."

Mwamunayo anangogwedeza mutu, maso ali pansi. Ndinati mumtima ndi ulemu wa mkamwini, n'kupitirira.

A Bwererani ndinawapeza atakhala tsonga pabenchi ya m'chitokosi, shati yomanga mabatani mpaka pakhosi.

"Njinga imeneyo ndikuikumbukira bwino," anatero pang'onopang'ono, ngati akuwerenga fomu. "Yofiira, thanki yofwanyika kumanzere. Inalowa nthawi ya naini. Ine ndimayeza ndi manja, mayi, osati ndi maso okha. Matayala ndinawagwira, mano ake anali akuya mpaka chala kulowa. Mabuleki ndinaponda ndekha. Nyali, hutala, magalasi, zonse zinali bwino."

"Bambo, tayala lomwe lili panjapo ngakhale nyerere ingaterereke."

"Ndiye si tayala lomwe ndinayeza."

"Nambala ya njinga ndi yomweyo. Nambala ya injini ndi yomweyo."

Anatsitsa mawu. "Pali chizindikiro changa. Tayala lililonse lomwe ndakhutira nalo ndimalidontheza kapenti kachikasu, kakang'ono ngati njere ya mapira, mkati mwake pafupi ndi popopera mpweya. Kuntchito palibe amene amadziwa. Pitani mukaone, mukakapeza."

Ndinapita mothamanga, ndikufunitsitsa kuti mkuluyu akhale wolondola. Ndinagona chagada pafumbi n'kuzunguliza mawilo onse awiri. Kadontho kachikasu kunalibe.

Abwana anandipeza ndili chigonere. "Mwaona? Umboni wake womwe wam'tsutsa. Njingayi sanaigwire n'komwe."

Koma maso anga anali pa chinthu china. Njinga yonse inali dzimbiri ndi matope akale, koma manati omanga mawilo anali kung'anima m'mbali, ngati sipanala yadutsapo posachedwa. Ndipo kumapeto kwa kachitsulo kokoka buleki yakumbuyo, pomwe pamayenera kukhala nati, panalibe kanthu. Sikanathyoke ayi, mazinga ake anali bwinobwino. Natiyo inangosowa.

* * *

Kuchipatala wakabaza uja anali atamangidwa mabandeji mpaka m'khosi, mankhwala atam'ledzeretsa. Mkazi wake anakhala pampando pambali pa bedi akum'kupiza ndi katoni, nkhope ili gwaa.

"Lolemba mutachoka koyezetsa munapita kuti?" ndinafunsa.

"Kukabweza," anayankha wodwalayo, lilime likulemera.

"Kukabweza chiyani?"

"Suti."

Ndinayang'ana mkaziyo. Mkaziyo anaponya katoni pabedi.

"Mwamva nokha, a polisi! Ine ndimati mwina makutu anga. Sabata ziwiri zathunthu munthuyu pafoni, suti, suti, suti. Akuti suti ili kwa mnzanga, akuti suti ipezeka Lolemba. Suti yanji? Bambo awa alibe suti. Ngakhale tsiku la ukwati wathu anavala shati ya achimwene awo, yothina m'khwapa. Ine ndikudziwa kuti pali kamkazi kena, ndipo suti ndi dzina lake. Angochira kaye, tikambirana."

"Koyezetsa njinga anapita atavala chiyani?"

"Jekete yomweyi ya masiku onse, yong'ambika pachigongono."

Ndinawerama pafupi ndi wodwalayo. "Achimwene, sutiyo munakabweza kwa ndani?"

"Kwa Telala," anatero, n'kutseka maso. Ndinam'gwedeza phazi, koma tulo tinali titam'tenga.

Ndinatuluka m'wodimo nditasokonezeka kuposa mmene ndinalowera. Ndinabwera kudzafunsa za matayala, ndikubwerera ndi nkhani ya zovala. M'khonde ndinadutsa pakhomo la chipinda cha namwino uja. Amayi ake anali atakhala pansi panja, atagwira nsapato imodzi yoyera. Sindinaime, ndinalibe choti ndiwauze.

* * *

Pafupi ndi siteji ya akabaza ya kumsika pali telala mmodzi yekha, mkulu wa magalasi okhuthala amene amasokera pakhonde la sitolo ya nsalu. Ndinam'peza ali ndi mapini atatu pakamwa, ndipo sanawachotse pondiyankha.

"Akabaza? Kubwereka suti kwa ine?" Anaseka mpaka pini imodzi kugwa. "Amenewo chomwe amabweretsa kuno ndi mathalauza ong'ambika pakati, basi. Kukwera n'kutsika tsiku lonse, nsalu imatopa. Suti aivalire kuti, pa njinga?"

"Lolemba simunalandire suti kwa wina aliyense?"

"Lolemba ndinali kumaliro a mlamu wanga, makina ndinatsekera m'sitolo. Funsani mwini sitoloyu."

Mwini sitolo anavomera ali mkati. Ndinatseka kabuku kanga, ndikudziona ngati chitsiru chovala yunifolomu. Ndikutembenuka, telalayo analavulira mapini m'dzanja.

"Koma mwina inu mungandimasulire, poti ndinu ophunzira. Anthu a njingawa mitu yawo siyenda bwino. Mwezi wathawu kunabwera wina wachilendo pasitejipo, bambo wamimba yake, n'kundinong'oneza kuti, 'Ndinu a Telala? Ndikufuna suti ya saizi eyitini, ya tsiku limodzi.' Ndinati bambo, eyitini ndi ya mwana wa sukulu ya mkaka, inu ngakhale mwendo sungalowe. Anandiyang'ana ngati wopenga ndine, n'kuchoka."

Ndinalemba "eyitini" m'kabuku, n'kuizunguliza kawiri. Sindinadziwe chifukwa chake. Ndikasowa chochita ndimazunguliza zinthu.

* * *

Ku ofesi yoyeza magalimoto ndinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Kalaliki wa kumeneko, mayi wonenepa wolankhula ngati wailesi, anandiikira mabuku a zaka zitatu patebulo.

"Ife tonse tadabwa, mayi. Munthu uja ngakhale nthochi salandira. Koma pajatu chikomekome cha mkuyu, eti? Ine sindikunena kanthu. Onani nokha. A siteji ya kumsika ndi awa, ndimawalemba ndi inki yobiriwira. Amenewa ndiye ana abwino, sabwezedwa. A masiteji ena amabwera kawiri, katatu, kutukwana pageti. Koma awa kamodzi n'kamodzi."

Ndinayendetsa chala pamizere yobiriwirayo. Njinga makumi awiri ndi zitatu, zaka zitatu, palibe ngakhale imodzi yomwe inalepherapo. Zina zinali nkhalamba za zaka khumi, koma zonse matayala atsopano. Zimenezi zinkaoneka ngati zikutsimikiza mawu a abwana, kuti a Bwererani anali pa mgwirizano ndi siteji yonse. Koma pamizere ina panali saini ya woyeza wina, ndipo nayenso analemba zomwezo.

Ndinabwereranso pamwamba, ulendo uno ndikuyang'ana masiku. Lolemba imodzi. Lachiwiri imodzi. Lachinayi imodzi.

"Amayi, zinachitikapo kuti njinga ziwiri za siteji imeneyi zibwere tsiku limodzi?"

Kalaliki anawerama n'kuyang'ana masikuwo. "Ayi. Tikawapatsa tsiku limodzi, wina amapempha kuti tim'sinthire. Amati ali ndi maliro."

Kenako diso langa linagwera pa kabokosi kakang'ono ka kumapeto kwa mzere, komwe amalembamo kukula kwa wilo. Mzere woyamba, 18. Wachiwiri, 18. Mpaka pansi.

Ndinatsegula kabuku kanga n'kuyang'ana nambala yomwe ndinazunguliza ija. Sindinganame kuti zonse zinandiwalira pomwepo. Ndinangomva ngati munthu amene wakhala akufunafuna makiyi nyumba yonse, kenako n'kumva kulira m'thumba mwake.

"Wotsatira wa inki yobiriwira akubwera liti?"

"Mawa, eyiti koloko."

* * *

Lachisanu ndinavala diresi ndi mpango, n'kukhala pabenchi ya odikira ngati mayi wodzayezetsa galimoto ya amuna ake. Eyiti isanakwane inalowa njinga yakuda, yokalamba, mpando womangidwa ndi chingwe, utsi ngati akuwotcha zinyalala. Koma kumapazi kwake kunali ukwati. Matayala akuda bii, mano akuya, masipoko owala, magalasi awiri ofanana.

Mwini wake atalowa mu ofesi kukapereka mapepala, ndinagwetsa dala mpango pafupi ndi wilo lakumbuyo n'kuwerama. Mkati mwa tayala, pafupi ndi popopera mpweya, labala inali itatuwa malo aakulu ngati chikhatho cha mwana, mmene imatuwira ikapukutidwa ndi petulo kambirimbiri. M'timipata ta zilembo za tayalalo munatsalira tizidutswa tachikasu.

Woyeza wogwirizira anazungulira njingayo, anaponda buleki, analiza hutala, n'kudinda chikalata. Sindikumuimba mlandu, inenso ndikanadinda. Njingayo itatuluka pageti ndinakodola wakabaza wina wodutsa n'kumuuza kuti aitsatire chapatali. Ndili kumbuyoko ndinasuzumira tayala la njinga yomwe ndinakwerayo, ndipo ndinayamba kupemphera.

Tinadutsa msika, tinakhota pa malo ogulitsira matabwa, n'kulowa kanjira ka fumbi. Njinga yakuda ija inaima pa garaja ya malata, yomwe pakhomo pake panali mawilo awiri akutha atatsamira khoma ngati akudikira mwini wawo.

"A Telala!" anafuula wakabazayo. "Yakhoza! Bwerani muivule, mnzanga akuifuna Lolemba!"

M'garajamo munatuluka mwamuna wamtali, sipanala m'manja. Ndinam'dziwa asanadzutse nkhope. Dzulo lake anali pakauntala yathu atanyamula bulangeti la apongozi ake.

* * *

Sanathawe. Atandizindikira anangokhala pansi pa chitini cha oyilo, sipanala ili pamiyendo.

"Ndiye suti ndi imeneyi," ndinatero, ndikuloza mawilo.

"Mawilo awiri, mabuleki ake, magalasi, babu ndi hutala." Ankalankhula mothamanga, ngati mawuwo akhala akum'tentha m'kamwa. "Anagula pamodzi anyamata a pasiteji, ine ndimangosunga n'kumaveka. Sitibera munthu, a Sajeni. Wakabaza matayala atsopano chaka chilichonse awatenga kuti? Akalephera kuyezetsa, njinga imagona, ana amagona ndi njala. Ndiye timaiveka m'mawa, ikakhoza timaivula, n'kubwezera zake. Ngati mmene munthu amabwerekera jekete popita kukafunsira ntchito. Zaka zitatu palibe chinachitikapo."

"Lolemba chinachitika n'chiyani?"

Anayang'ana kumbali. Pa shelefu panali chitini cha mkaka chodzaza manati. Anapisamo dzanja osasankha n'komwe, n'kutulutsa kanati kamodzi, kakang'ono kuposa chikhadabo changa.

"Suti inkafunika kwa wina Lachiwiri m'mawa, ndiye ndinkathamanga. Ndinabwezera mawilo ake akale, koma kachitsulo ka buleki ndinangokalowetsa, ndimati ndimanga ndikamaliza kutsogolo. Kunabwera kasitomala wina. Kanatika ndinakapeza pansi Lachitatu, nditamva kale za ngozi." Anakagubuduza pachikhatho. "Ndakhala ndikukayang'ana masiku awiri."

"Apongozi anu ali m'chitokosi masiku awiri omwewo. Munawapititsira bulangeti."

Ndinatenga kanatiko m'dzanja lake n'kupitiriza.

"Za kadontho kachikasu munadziwa bwanji? Akuti kuntchito palibe amene amadziwa."

"Amanena okha. Lamlungu lililonse timakadya kwawo. Akakhuta amayamba kufotokoza mmene amagwirira akuba, poyambira kuyang'ana, pomwe amagogoda, pomwe amadontheza penti. Amanyadira ntchito yawo. Ine ndimangomvetsera." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Mkazi wanga sadziwa kanthu, chonde. Amayesa dzina la Telala anandipatsa chifukwa chosoka mipando."

Ndinanyamula mawilo awiri, kanati kamodzi ndi munthu mmodzi. Ndikanayenera kusangalala, koma njira yonse ndinkangoganiza za amene ndikukawauza.

* * *

Abwana anamvetsera akusisita dazi lawo. Kenako anati mawilo okha satulutsa munthu. Pankafunika kuti a Bwererani alembe ndi dzanja lawo kuti pentiyo ndi yawo, kuti tayala limeneli ndi lomwe anayeza Lolemba, ndiponso atchule munthu amene ankadziwa za chizindikirocho. Galimoto yopita kukhoti inali yonyamuka thu koloko, ndipo inkayenera kunyamula mmodzi mwa awiriwo.

Ndinagubuduza wilo mpaka m'chipinda chofunsira mafunso. A Bwererani anavala magalasi, anagwada, n'kulowetsa chala m'mano a tayalalo. Atafika potuwa paja anakandapo ndi chikhadabo, kachikasu n'kutsalira kunsonga.

"Ndi langa," anatero, nkhope ikuwala ngati mwana. "Ndinakuuzani, mayi! Ndinaligwira ndi manja anga."

"Munaligwira kangapo, bambo. Chaka chino chokha, kakhumi ndi kanayi."

Ndinawafotokozera za suti. Ankamvetsera akupukusa mutu, mwina n'kuseka pang'ono, mmene katswiri amasekera akaona luso la mnzake. "Koma ameneyo ndi wochenjera. Amadziwa ndithu pomwe ndimayang'ana. Ndiye pentiyo anaidziwa bwa..."

Sanamalize. Ndinaona yankho likuwafikira lokha, kuyambira m'maso mpaka m'mapewa. Anakhala pampando mwapang'onopang'ono.

"Ali kuti?"

"Chipinda chachiwiri."

"Ndiye kuti telala weniweni ndine," anatero motsitsa. "Miyeso yonse ndinkapereka ndine, patebulo panga, iye akundithirira madzi osamba m'manja."

Ndinawaikira pepala ndi cholembera. Sanazigwire. Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndinaona mkuluyu akuyeza mkhate wake, mwana wake wamkazi ndi mdzukulu wa miyezi isanu ndi itatu.

"Ndikapanda kulemba?"

"Mukwera galimoto ndinu. Iye akhoza kukana zonse kukhoti, n'kunena kuti mawilo ndi a kasitomala."

"Ine ndakalamba," anatero, ngati akudziuza yekha. "Miyezi inayi si kanthu. Dzina silidyedwa." Anatembenuza cholembera kawiri patebulo. Ine, kunena zoona, sindinkadziwa chomwe ndinkafuna kuti achite.

Kenako anadzutsa mutu. "Namwino uja ali bwanji?"

"Amudula mwendo lero m'mawa."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi kumunsi kwa shati, n'kuwavalanso. "Njinga zinazo, makumi awiri ndi ziwiri, zili pamsewu ndi saini yanga?"

"Zambiri mwa izo, inde."

Anakoka pepala lija. Analemba mmene amalembera mafomu ake, chilembo chilichonse choima pachokha, mpaka dzina la mkamwini wawo. Kenako anandibwezera cholembera.

Tinatuluka limodzi nthawi itatsala pang'ono kukwana thu. Pakauntala mwana wawo uja anali atafika kale, mwana kumbuyo, kontena ya chakudya m'manja. Ataona bambo ake akuyenda opanda unyolo anakuwa ndi chimwemwe mpaka khanda kudzidzimuka.

"Ababa! Ndinanena ine! Dikirani ndiwaimbire bambo a mwana, foni yawo sikupezeka chiyambire m'mawa."

Nthawi yomweyo chitseko cha chipinda chachiwiri chinatseguka, wapolisi mnzanga n'kutuluka ndi mwamuna wake, manja ali kumbuyo. Anadutsa pakati pathu kupita kugalimoto. Mkamwini sanayang'ane apongozi ake, apongozi sanayang'ane mkamwini.

Mayiyo anayang'ana kwa mwamuna wake, kwa bambo ake, kenako kwa ine, ngati ine ndingamuuze kuti talakwitsa chipinda. Anatsitsa maso pa kontena ija.

"Ababa," anatero ndi mawu aang'ono, "nanga chakudyachi ndipatse ndani?"

A Bwererani anatsegula pakamwa, koma munthu amene kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanasowepo chouza aliyense anangoima, manja ali lende. Panja galimoto inaliza injini. Mwana wawo anali ataphika cha munthu mmodzi.